Chilimwe Chimene Laputopu ya Achemwali Inkalemba Yokha

Fungo la lubani likangondipeza, ngakhale ndili m'minibasi, ndimabwerera kwa Kalembo m'chilimwe chimene tinaika achemwali anga Asiyatu. Dzuwa linkaotcha mpaka malata kumalira, mango akugwa okha kuseri kwa nyumba, ndipo ife ana tinkaopa kuseka mokweza. Achemwali anali kalaliki ku Machinga Boma. Anadwala masiku ochepa chabe. Katundu wawo anabwera m'chikwama, ndipo pansi pa zovala panali laputopu yakuda, yobenthuka pakona.

Pakhomo pathu panalibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe. Zonse zinali m'laputopumo, pamodzi ndi kanema wa pa Idi amene akuseka mano onse pamtunda. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndipo chinkandiopsa n'chakuti nkhope yawo inayamba kundithawa m'mutu. Ndikatsinzina ndinkangoona mpango wawo wobiriwira basi.

Atsibweni anga, mkulu wokonza njinga, anakatchajitsa laputopuyo kwa ometa tsitsi amene anali ndi sola. Pasiwedi anali atawauza pafoni a Esinati, mnzawo wa achemwali kuntchito. Tinaunjikana pamphasa pakhonde, atsibweni n'kuiyatsa. Panatuluka kabokosi kolembamo pasiwediyo, koma asanakhudze batani lililonse, timadontho takuda tinayamba kubwera tokha, kundanda ngati nyerere zopita ku shuga. Anafufuta, timadonthoto tinabweranso. Manja awo anali m'mwamba, tonse tikuona, chinthucho chikulembabe.

Amayi anangoti, "Asiyatu," chapansipansi, mmene ankawadzutsira akagona masana.

Atsibweni sanali munthu wogonja ndi makina, pajatu kwa iwo chilichonse chinali njinga yosiyana maonekedwe. Anaitembenuza chafufumimba n'kuigogoda kumsana. Anapopera mpweya m'mabatani ndi pampu, fumbi lofiira n'kutuluka. Anasesamo ndi nthenga ya nkhuku, anaiyanikanso padzuwa ngati makaka. Timadontho tija osaleka, ndipo pasiwedi inkakanidwa nthawi zonse chifukwa timadonthoto tinkalowerera pakati. Atatopa anapalasa njinga mpaka ku Balaka. Wokonza makompyuta kumeneko anangoisuzumira n'kunena kuti kiyibodi yonse yafa, ina ichokere ku Blantyre, mtengo wake wa mbuzi yathunthu.

Atsibweni anali okonzeka kugulitsa mbuzi yawo. Amayi ndiwo anakaniratu. "Iyayi achimwene, zodula zimenezo zisiyeni. Ikhale momwemo."

Ndinawakwiyira koopsa. Mumtima ndinkati amayiwa ndi oumira, mbuzi si yawo koma akuikakamira, pamene ine nkhope ya achemwali ikundithera. Chondidabwitsa chinali chakuti masana alionse amayi akatha kuswali, ankafukiza lubani kuchipinda, n'kuyatsa laputopu ija, n'kukhala chete akuyang'ana timadontho mpaka batire kutha. M'mawa ankatumanso atsibweni kokatchajitsa. Anansi ankabwera kudzasuzumira pazenera n'kuchoka akugwedeza mitu. Ashehe anawalangiza mofatsa kuti omwalira salemba, amangofuna kuwapempherera, amayi n'kuvomera mwaulemu, koma mawa lake lubani ankanunkhanso. Ine chipinda chimenecho ndinkachilambalala ngakhale dzuwa lili paliwombo.

A Esinati anabwera pa arobaini, tsiku la sadaka yokumbukira womwalira. Anali Mkatolika wa kwa Nsamala, wamtali, wolankhula mosapsatira. Azimayi akupeta mpunga panja, atsibweni anawanong'oneza za vutolo n'kuwabweretsera laputopu pakhonde. A Esinati anaona timadontho tija, osadzidzimuka n'komwe. Anaizimitsa, n'kuyamba kudina mabatani limodzilimodzi, khutu atalitchera. Onse ankatsika n'kudzuka, koma lina la m'mphepete linali litakhala pansi osabwerera. Anasolola pini m'tsitsi mwawo, n'kulitukula pang'onopang'ono mpaka linati thwa. Pansi pake panali kachidutswa ka mtedza wokazinga, katapanikizika.

"Mnzangayu ndi mtedza!" anatero akuseka. "Ndinkamuuza ine kuti usamadyere pamenepa." Kusekako kunathera m'misozi.

Anapukuta ndi nsonga ya chitenje, kubwezera batani, n'kuiyatsa. Kabokosi kaja kanali mbee, kakudikira. Analemba pasiwedi, ndipo mwadzidzidzi achemwali anadzaza galasi lonse, kachipsera kawo ka pachibwano kali pomwepo. Ndinakuwa. Anthu anasiya malichero n'kuthamangira pakhonde, ena akulira, ena akuseka, atsibweni akuuza aliyense kuti mbuzi yawo yapulumuka chifukwa cha pini.

Amayi anali ataima kumbuyo kwa onse. Chithunzicho anachiyang'ana pang'ono, kenako maso awo anatsikira pa mabatani.

"Ndiye basi, mwanangu? Salembanso?"

"Iyayi amayi, yachira tsopano," anayankha a Esinati mosangalala.

Amayi anawerama, kutola kachidutswa ka mtedza kaja pamphasa, n'kukamanga pansonga ya nsalu yawo. Anabwerera ku miphika. Kuyambira tsiku limenelo sanaiyatsenso laputopuyo, ndipo ndikaika kanema wa pa Idi uja ankapeza chochita panja.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti amayi achita manyazi poona kuti chimene ankachiopa chinali mtedza wamba. Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa kuti sankaopa konse, ndiponso mbuzi sinali nkhani. M'kanema muja achemwali amanena mawu omwewo, kuseka pamalo omwewo, monga munthu amene zake zinatha. Timadontho tija tinkachitika lero, pamaso pa amayi. Tsiku limene ine ndinapezanso nkhope ya achemwali, amayi anaika mwana wawo kachiwiri, ife tikuwomba m'manja.