Chingerezi cha a Pitala

A Pitala Chalo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kukapeza ntchito ya ukhukhi kunja kwa dziko, pa famu ina kufupi ndi Chegutu. Mwini famuyo anali dona wachizungu, wamasiye, wokalamba kale. Chingerezi chake chinali chamakedzana, chimene ngakhale azungu anzake anali atachisiya. A Pitala anachimeza chonse mmene chinalili.

Donayo atamwalira mu 1984, a Pitala ndi akazi awo, a Esime, anasamukira ku Rimuka, ku Kadoma. Kumowa anthu anawapatsa dzina loti Dikishonale. Ankawagulira masese kuti amve mawu achilendo.

"Madala, liwu la lero?"

"Counterpane. Nsalu yoyala pamwamba pa bedi, yongokongoletsa. Safunda."

"Nanga scullery ija?"

"Kachipinda kotsukiramo mbale. Ndinayamba kuimamo iwe usanabadwe."

Ankawauzanso kuti forenoon ndi m'mawa dzuwa lisanafike pamutu, victuals ndi chakudya, anon ndi posachedwa. Anthu ankaseka n'kuitanitsa masese ena.

Mwana anali mmodzi yekha, Norma. A Pitala analetsa Chichewa pakamwa pake, poopa kuti kusukulu azimunena kuti ndi mlendo wa ku Nyasalande. Norma anakula ndi Chishona ndi Chingerezi, anaphunzira unamwino, ndipo mu 1990 anapita ku Mangalande ndi mwamuna wake komanso khanda lawo, Rufaro. Khandalo linakula osamva Chishona kapena Chichewa. A Pitala sanade nkhawa. Ankati tsiku limene mdzukulu wawo adzabwere, adzacheza naye mpaka kukhuta, chifukwa Chingerezi anali nacho.

Mu Disembala 1998 Norma anabwera ndi mwanayo. Ku Rimuka anayenera kugona usiku umodzi wokha, kenako ku Sanyati kwa apongozi a Norma, kenako ndege. A Pitala anagula counterpane yoyera n'kuyala pa bedi la alendo. Anatulutsa jekete yawo yoyera ya kwa dona n'kuisita.

"Mukuvala za kuntchito?" anafunsa a Esime. "Kukubwera mdzukulu, osati bwana."

"Inu ana a ku Mangalande simukuwadziwa."

"Ana ndimawadziwa ine. Mum'nyamule basi, bambo a Norma."

Alendo anafika dzuwa litakwera. A Esime anam'gwira mwanayo, kumufinya masaya, kumulankhula Chichewa ngati akumva. "Iwe, mphuno iyi unaiba kwa ine! Bweza!" Rufaro sanamve kanthu, koma anaseka n'kuwakakamira m'khosi.

Kenako anatembenukira kwa agogo ake aamuna. A Pitala ankafuna kunena kuti, mdzukulu wanga, wakula, bwera ndikuone. Anafufuza m'Chingerezi chawo. Munali mawu a mbale, a nsalu za pabedi, a nthawi ya chakudya, a kuvomera zimene walamulidwa. Zaka zonse zija palibe amene anawalankhulapo Chingerezi chachikondi, ndipo iwo anali asanalankhulepo nacho mwana. Anaongoka, manja kumbuyo.

"Good forenoon, madam. Luncheon will be served anon."

Mwanayo anayang'ana mayi ake.

Patebulo a Pitala anagawa chakudya okha, kuyambira kumanzere kwa mlendo, monga ankachitira pa famu. Atatha anakaima kukhoma.

"Khalani pansi inu!" anatero a Esime. "Nyumba ndi yanu ino."

"Baba, garai pasi," Norma anawachonderera m'Chishona.

Koma a Pitala anali asanalankhulepo Chingerezi atakhala pampando pamaso pa munthu amene akudya. Miyendo inakana. Mwana akamaliza madzi, iwo ankathira ena. Akagwetsa supuni, ankatola.

Rufaro anaweramira kwa mayi ake n'kunong'ona m'Chingerezi. A Pitala anamva liwu lililonse.

"Amayi, bwanji agogo akunditchula madam? Sakundifuna?"

Yankho a Pitala analidziwa, koma linali m'Chichewa, chinenero chimene iwo eni anachitsekera kunja kwa nyumba imeneyo. Anatolera mbale n'kupita nazo kuseri kukatsuka. Anatsuka nthawi yaitali.

M'mawa mwake anawaperekeza pa basi ya ku Sanyati. Rufaro analira posiyana ndi a Esime. Kwa a Pitala anapereka dzanja mwaulemu, iwo n'kulilandira ndi manja awiri. Basi itakhota, anati chapansipansi, "Pita bwino, mdzukulu wanga."

"Mukuuza fumbi?" anatero a Esime.

Kumowa anthu anapitiriza kufunsa liwu la lero. Tsiku lina a Pitala anati, "Forlorn. Dona ankalinena ataima pazenera, mwana wake atasamukira kunja."

"Ndiye kuti chiyani, Dikishonale?"

A Pitala anamwa masese awo n'kunyamuka. Kuyambira pamenepo sanamasulirenso liwu lililonse.

Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Norma anabwera yekha kumaliro, mwana anali pasukulu. Posambitsa thupi, azibambo anafunsa ngati awaveke jekete yoyera ija. A Esime anakana. Analowa kuchipinda, anayalula counterpane pa bedi limene anagona Rufaro, n'kuwapatsa.

"Afunditseni iyi."