Ndakatulo Yonena za Amayi Anga

Dzulo ndikudutsa pamsika ndinamva fungo la mbalagha, nthochi zophikira limodzi ndi nyama, ndipo ndinakumbuka aphunzitsi anga a sitandade 5 kwathu ku Kaporo, kumpoto.

Anali ochokera kumwera, ndipo ankalemba ndakatulo. Masiku amenewo Chichewa chinali chitangolamulidwa m'sukulu zonse, koma kwathu tinkayankhula Chinkhonde, ndipo amayi ankangodziwa Chichewa cha moni ndi cha pamsika. Loweruka aphunzitsiwo ankabwera kwathu, amayi n'kuwaphikira mbalagha, ine n'kumamasulira.

"Uwauze amayi kuti ndikufuna kulemba za anthu enieni akumudzi," anatero. "Asandibisire kanthu."

Amayi sanabise. Anafotokoza ngakhale za chaka chimene madzi osefukira anakokolola mpunga wathu pamodzi ndi mng'ono wanga wakhanda, nkhani yomwe sankaiyamba ndi munthu.

Tsiku lotsekera sukulu amayi anavala chitenje chatsopano. Tinakhala kutsogolo padzuwa, fumbi likutiyabwa m'mphuno. Aphunzitsi anaimirira, anapinda msana, n'kuyamba kulakatula mopotoza lilime ngati mmene amayi ankayankhulira Chichewa. M'ndakatulomo munali mayi wa matope m'miyendo, mbuli yolalatira mtsinje, yothamangitsa madzi ndi lichero. Za mwana uja sanatchule. Aphunzitsi anzawo ndi akalaliki a kuboma anaseka mpaka kupukuta misozi, ana a m'kalasi mwathu akutembenuka kutiyang'ana.

Amayi anaomba m'manja pamodzi ndi onse. Kenaka anandikoka mkono, nkhope ikuwala, n'kundinong'oneza m'Chinkhonde.

"Mwanangu, za mng'ono wako azinena bwino?"