Chitsulo cha khasu kuphazi lamanzere

Nkhani iyi ndi yoona, ndipo amene akukayika abwere kunyumba ndidzamutsegulire sutikesi adzaone yekha mapepala. Dandaulo langa loyamba ndinalipereka kwa mlembi wa seshoni, bwalo la akulu a mpingo, Lolemba lachiwiri pambuyo pa Mgonero wa mwezi wa Okutobala, chaka chomwe mayi akunyumba anatisiya. Lachiwiri ndinapereka mvula itayamba, lachitatu abusa atasinthidwa, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikulemba chaka ndi chaka, kalata iliyonse ndikusunga kope lake. Yankho lolembedwa sindinalandirepo, ndimangomva m'njira kuti nkhani ya ada aja akuiona, poti m'Chitonga chathu bambo timati ada. Sinditchula dzina la munthu kapena la mpingo. Anzanga a kuno kumtunda kwa Chintheche akuidziwa kale, ndipo ena mwa iwo amaseka mpaka lero ndikamadutsa.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi unyamata wanga. Monga ambiri a kwathu, ndinapita kunja kukafuna ntchito, ndipo ndinakhala zaka zambiri ku Bulawayo ndikulemba katundu m'sitolo ya zitsulo. Kumeneko ndi kumene ndinagwidwa ndi matenda okonda mpikisano wa njinga zamoto wotchedwa sipidiwe. Ena ankathera malipiro ku mowa, ine ndinkathera pachipata cha bwalo limenelo. Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, ladothi lokhalokha, ndipo amuna anayi amaima pamzere kuseri kwa chingwe, injini zikulira mpaka m'mimba mwako mukunjenjemera. Chingwe chikangokwera, onse amathamangira pokhota poyamba. Njinga zake zilibe mabuleki, ndikubwereza, zilibe mabuleki ngakhale amodzi. Munthu akafika pokhota amaigoneka njinga chammbali, tayala lakumbuyo n'kumaterereka likulavula dothi, iye akukweza phazi lamanzere pansi, ndipo kunsapato kwake kumakhala chitsulo kuti isaperepeseke. Amakhotera kumanzere kokhakokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ife oonerera tinkatchinga nkhope ndi pulogalamu kuti timiyala tisatilowe m'maso, kenako n'kulemba mapointi papepala lomwelo. Mapulogalamu amenewo ndikadali nawo, ena akadali ndi madontho a dothi lofiira.

Nditabwerera kumudzi ndinalima chinangwa, ndinalera ana, ndinasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo za sipidiwe ndinasowa woziuza. Mungamuuze ndani kuno, kumene njinga yamoto ankayendera mlangizi wa zaulimi yekha? Koma zaka zitapita kunabwera kabaza wa njinga zamoto, siteji yawo n'kukhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pamene ndimagula mchere. Tsiku lina ndinawamva akukangana za liwiro, ine pakamwa panayabwa, ndinawauza kuti iwo sanaonepo kanthu. Kuyambira tsiku limenelo ndikafika ankandipatsa benchi. Anandipatsanso dzina loti ada Sipidiwe, ndipo sindinakane. Ankandionetsa pafoni mipikisano ya masiku ano ya ku Ulaya, ine n'kumanyoza kuti a lerowa amawaikira mpanda wofewa wopopa mpweya, pomwe anzathu akale ankagunda matabwa enieni. Ndinkawauza kuti mwamuna weniweni sadalira buleki. Mawu amenewa ndinkawanena monga nkhalamba imanenera zakale, osadziwa kuti madzulo ena anthuwo ankakazungulira bwalo la mpira la kusukulu kuyeserera zomwe amva.

Tsiku la tsoka langa linali Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera kale. Mawa lake kunali Mgonero kunyumba ya mapemphero ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo monga mkulu wa dera limenelo ndinapatsidwa chikho ndi nsalu yoyera ya pagome kuti ndikazisiye. Masiku onse ndinkayenda pansi, koma sabata imeneyo bondo linali litatupa. Ndinasankha wa kabaza amene ndinkamukhulupirira kuposa onse, bambo wa ana awiri, wobadwira kukomboni ya esiteti ya raba kwa makolo ochokera ku Mulanje, munthu wosamwa mowa, wopereka moni ndi manja awiri. Akubwera kudzandinyamula ndinamva kuti phazi lake limodzi likulira ngati mbuzi yomangidwa belu, koma maganizo anga anali pa chikwama chomwe ndinachikumbatira pachifuwa.

Tinayenda bwinobwino mpaka pamwamba pa chitunda, pamene msewu wadothi umayamba kutsetserekera kumtsinje. Pamenepo anaima. Kumbuyo kwathu kunatulukira mnzake atanyamula thumba la usipa, n'kudzaima pambali pathu, matayala atalingana ngati pali chingwe. Ndinafunsa chomwe taimira. Iye anacheuka akumwetulira ngati mwana amene wabisa mphatso.

"Ada, lero muweruze ndinu. Inu munaonerapo zenizeni."

Apa m'pamene ndinayang'ana pansi. Kunsapato yake yamanzere anali atamangirira ndi waya chidutswa cha khasu lakutha. Ndinayang'ana mbali inayo, ndinaona chopondera buleki chikungolendewera, kachitsulo kake kokokera atachotsa dala, ndipo buleki yakutsogolo ndinkadziwa kuti inatha kalekale monga zilili njinga zambiri za pasiteji. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti nditsike, koma injini ziwirizo zinali zitayamba kale kulira, ndipo mawu anga sanamveke ngakhale kwa ine mwini.

Abale anga, ndakwerapo sitima yapanyanja mwera ukuwomba, koma mantha ngati amenewo sindinawaonepo. Mitengo ya chinangwa inasanduka chinthu chimodzi chobiriwira, mpando unkandiponya m'mwamba n'kundiwakha, dzanja limodzi lili pachikwama, linalo litakola lamba wa munthuyo. Wa usipa anali patsogolo pang'ono, fumbi lake likutilowa m'mano. Ndinayamba kupemphera, koma pemphero linkangothera pa mawu oyamba. Ndinaganiza za ana anga akulandira uthenga woti bambo awo afera panjinga ngati mnyamata woledzera, chikho cha Ambuye chili m'manja.

Kenako tinafika pokhota poyamba, ndipo pamenepo msewu umakhotera kumanzere. Munthu uja anaigoneka njinga, anatsitsa phazi, khasu lija n'kuyamba kulira pamiyala likutulutsa moto. Tayala lakumbuyo linachoka pansi panga n'kumapita chammbali, likulavula dothi kuthengo, ndipo tinalowa mkati mwa wa usipa n'kumupitirira monga momwe ndinkaonera ku Bulawayo. Anachita bwino, zimenezo sindingamunamizire. Ndipo ine, mkulu wa mpingo, wa imvi mutu wonse, amene mphindi yomweyo ndimalira kwa Mulungu, ndinamva mawu akutuluka pakhosi panga, amphamvu ngati a mnyamata wa zaka makumi awiri.

"Ipatse moto! Ipatse moto!"

Anaipatsadi moto. Koma msewu wa kumudzi si bwalo la mpikisano. Pokhota pachiwiri, pamene pamatsikira pamlatho wa matabwa, pamakhotera kumanja, ndipo munthuyu m'masabata onse amene ankayeserera pabwalo la mpira anali asanakhoterepo kumanja ngakhale kamodzi, poti ine ndinawauza kuti akatswiri sachita zimenezo. Ndinamuona akutsitsanso phazi lamanzere, phazi lolakwika, kenako akupondaponda buleki yomwe anaimasula yekha. Kutsogolo kwathu, kunsi kwa mlatho, kunali amayi akuvuula chinangwa padziwe lomwe amaviikamo, ndipo pamchenga panali khanda atagoneka pachitenje. Chitenje chimenecho ndimachionabe ndikatseka maso, chinali chachikasu.

Sindikudziwa mmene ndinachokera pampando. Ndinangoona thambo, kenako ndinagwera chagada m'dziwe muja. Amene anakulira kuno akudziwa madzi amene mwagona chinangwa masiku angapo, oyera ngati phala, owawasa, onunkha moti ngakhale galu samwa. Anandilowa m'mphuno ndi m'kamwa, pansi panali poterera, ndinkagwira chinangwa chofewa chikuphwanyikira m'manja, ndipo sindinkadziwa kuti kumwamba ndi kuti. Ndinaganiza kuti ndafa ndipo kumene ndafikako si kwabwino. Amene ananditulutsa ndi mayi wina wa mumpingo mwathu momwemo, amene ana ake ndinawaphunzitsa ndekha m'kalasi ya ubatizo. Anandikoka ndi lamba ngati mwana wa mbuzi, buluku litang'ambika kumbuyo konse, amayi onse akuona.

Nditapukuta m'maso, choyamba ndinafuna chitenje chija. Njinga inali itagona pamchenga tayala likuzungulirabe, ndipo pakati pa tayalalo ndi khanda panali mpata woti mkono wanga sukanakwanamo. Mwanayo anali akulira, wamoyo, wosakhudzidwa. Mayi ake anathamanga n'kumunyamula. Wa kabaza anali pansi pa njinga, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira, khasu lija likadali kuphazi. Wa usipa anali ataima pamwamba, poti iye mabuleki ake sanachotse. Chikwama anachivuula amayi ndi mtengo. Nsalu ya pagome inali yosaoneka bwino, ndipo chikho, chomwe agogo athu anamweramo mpingo ukuyamba kuno, chinali chitaphwanyika mlomo mbali imodzi.

Mayi amene ananditulutsa uja anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu m'Chitonga chathu kuti iwo anamva munthu akukuwa kumtunda kuti ipatse moto, ndipo ankayesa ndi anyamata ochokera kumowa. Ndinapempha chitenje kuti ndibise kumbuyo, ndipo ndinabwerera kumudzi wapansi nditavala chitenje cha mkazi wa mwini, ntchentche zikunditsata, ana akutuluka m'nyumba kudzaona.

Mgonero unachitika ndi chikho chobwereka. Seshoni inakumana ine ndili chigonere ndi nthiti zopweteka, ndipo anangonditumizira mawu apakamwa kuti ndayamba ndaima kaye pa udindo, chifukwa zamveka kuti ndinakonza mpikisano wa njinga nditanyamula ziwiya zopatulika. Apa ndiye pali dandaulo langa, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Mpikisano sindinakonze. Za khasu ndi buleki sindinadziwe mpaka pamwamba pa chitunda. Sanandiitane kuti ndidziyankhire, mwayi womwe ngakhale wakuba nkhuku amapatsidwa. Kodi kuima kaye kumatha zaka zingati? Abusa asinthika kawiri, mlembi amene analandira kalata yoyamba anamwalira, ine ndikukhalabe benchi yakumbuyo, mbale ya mkate ikudutsa m'manja mwa anthu amene ndinawalangiza ukwati.

Koma pali china chomwe chandichititsa kulemba poyera m'malo molembanso kwa mlembi. Wa kabaza uja sanakwerenso njinga. Mwendo unapola mokhota, ndipo pano amasoka nsapato pakhonde la sitolo ina. Mwezi wathawu ndinamupititsira nsapato zanga, ndipo tikucheza ndinamuuza kuti ndalembanso kalata ina, ndafotokoza zonse mwandondomeko, ola lake, malo ake, ndi mayina a amayi amene anaona. Iye anapitiriza kusoka osadzutsa mutu, kenako anafunsa mwaulemu wake womwe uja.

"Ada, nanga zija munakuwa zija, munalembamo?"

Anati iye pokhota poyamba paja anali atakhutira, mnzake atamupitirira kale, ndipo dzanja linali litayamba kubweza moto kuti injini imuchepetsere liwiro. Koma atamva ada Sipidiwe eniake akumukuwira, akanabweza bwanji? Sananene mokwiya. Anandilipiritsa mtengo wa masiku onse n'kundiperekeza ndi maso.

Nditafika kunyumba ndinatsegula sutikesi n'kuwerenga makope onse kuyambira loyamba. Muli zonse. Muli mtundu wa njinga, muli kutupa kwa bondo, muli ngakhale mtengo wa buluku. Mawu awiri aja mulibe m'kalata ngakhale imodzi. Ine amene ndimadzitama kuti sinditaya pepala, ndinakhala pamkeka manyazi atandigwira kuposa tsiku lomwe ndinayenda ndi chitenje.

Chomwe ndikukhulupirira tsopano n'chakuti woonerera sakhala kunja kwa mpikisano monga timadzinamizira. Ku Bulawayo tinkakuwa tili kuseri kwa mpanda, munthu akagunda matabwa n'kumunyamula pamachira, ife n'kulemba ziro papulogalamu n'kudikira ena anayi. Sindinaganizepo kuti mawu athu ankafika m'makutu mwawo. Masewerawo sindikuwada, ndipo mdzukulu wanga akandionetsa pafoni mtima umagundabe, koma mpanda wofewa uja sindiunyozanso. Kwa akuluakulu anzanga amene munayenda kunja, samalani ndi zomwe mumakamba pasiteji, chifukwa anthu aja amamvetsera ndi manja, zimene amva amakazichita, ndipo mawa mudzakwera njinga yomweyo. Kwa a kabaza, mabuleki asiyeni pamene anawaika, misewu yathu imakhotera mbali zonse ndipo kunsi kwake kumakhala ana.

Tsono kwa abusa ndi akulu a seshoni, ndikupempha mwaulemu kuti nkhani yanga iikidwe pamndandanda wa msonkhano ukubwerawu, ndiitanidwe ndidzaime pamaso panu, ndipo aitanidwenso wosoka nsapato uja ndi mayi wa khanda lija, lomwe pano lili kusukulu. Mlandu wokonza mpikisano ndikuukana lero monga ndinaukanira poyamba. Koma mukadzandifunsa ngati ndinakuwa, mlembi adzalembe kuti inde, ndinakuwa kawiri. Chilango cha zimenezo ndidzachilandira, chikhale chachikulu kapena chaching'ono. Chomwe ndikupempha n'chakuti mundiyankhe, ndipo mundiyankhe molemba, ndikadali ndi maso owerengera.