Dzanja Limene Ndinakweza pa Masambanjati

Sindikonda zolankhulalankhula, koma ichi ndinene. Akazi anga ndinawapereka chifukwa cha njinga.

Wamalonda wina anafuna kumanga nyumba ya zipinda zambiri pa Masambanjati, yoti anthu azisungitsamo katundu, chipinda chilichonse ndi loko wake. Malo ake anali pamthunzi pomwe amayi ankagulitsira nthochi, kuphatikizapo akazi anga, amake Estere. Ine ndinali m'komiti ya chitukuko, ndiye amayiwo anandituma kuti akuboma akabwera kudzamva maganizo athu, ndikakane.

Ndinapita nditakwiya ndithu. Koma mwini nyumbayo atanena kuti aliyense azisunga yekha kiyi wake, ndinakumbukira njinga yanga. Ine ndine mkamwini. Njingayo ndinaigula ndi thukuta lothyola tiyi, koma ankakwera ndi alamu anga, osapempha n'komwe.

Wakuboma atati ovomereza akweze manja, langa linakwera. Ndinaliimika pafupi ndi khutu, kuti osuzumira pawindo aziyesa ndikukanda.

Kunyumba amake Estere anafunsa, "Mwakana?"

"Ndayesetsa."

"Anzanga akuti munakweza dzanja."

"Inali ntchentche."

"Ntchentche yodikira mpaka akuboma amalize kuwerenga?"

Ndinangotuluka panja.

Nyumba inamangidwa, amayi n'kusamukira padzuwa. Tsiku lomwe ndinakankha njinga kukatenga chipinda, ndinapeza mlonda atakhala pakhomo, makiyi apadera a zipinda zonse ali m'chiuno. Anali alamu anga aja. Ntchitoyo anawapezera ndi amake Estere.

"Ingoisiyani pomwepo, alamu," anatero. "Matayala mwapopa?"