Ndinawakoka a Nkhoma osawafunsa

Dzulo ndikumasula thumba la fetereza, fungo lake litandilasa m'mphuno ndinayamba kuseka ndekha. Ndinakumbukira a Nkhoma.

Ndinali kamtsikana ka Sitandade 5 pamene amayi, omwe anali m'komiti ya makuponi kwathu kwa Kaomba, ananditenga kukathandiza pa tsiku logula fetereza wotsika mtengo. "Ukaona munthu wolumala, umupititse kutsogolo kwa mzere," anandiuza.

Fumbi linali koboo. Ndinaona a Nkhoma, bambo osaona, ataima okha pansi pa mtengo wa mango. Ndinathamanga, n'kugwira ndodo yawo kunsonga, n'kuyamba kukoka ngati mbuzi yopita kumsika.

"Iwe mwana, taima!"

"Musadandaule agogo, tafika kale!" ndinakuwa, poganiza kuti wosaona samvanso.

Titafika kutsogolo, kalaliki anadabwa. "A Nkhoma, mwabweranso? Si mwatenga kale matumba anu awiri?"

"Ndatenga, ndipo ndimawalondera pamtengo paja podikira ngolo. Koma kaboma kakang'ono aka kandisamutsa."

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Ine ndinabwerera kumtengo kuja chothamanga, chifukwa matumba aja akadabedwa, chimanga chawo cha chaka chonse chikadapita. Mwamwayi ndinapeza mayi wogulitsa zitumbuwa atawakhalira.

A Nkhoma anafika okha, ndodo ikugogoda pansi. "Maso ndilibe, mwanangu, koma pakamwa ndili napo. Ukadangondifunsa."

Mpaka lero ndikamathandiza pa misonkhano ya kutchalitchi, ndimayamba ndafunsa, manja ali kumbuyo.