Chimanga Chofiira cha Agogo

Ndikukumbukira phokoso lake, lokhala ngati munthu akukanda mphasa ndi chikhadabo. Linkachokera pakona pamene panali dengu la chimanga chobzala, ndipo linkamveka ngakhale masana kwa mwana wosalankhulalankhula ngati ine. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Ndinkakhala ndi agogo aakazi kufupi ndi Chiponde, zaka zimene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anadzaza m'mudzi mwathu.

Chaka chimenecho nkhokwe inatha msanga poti tinkagawana ndi alendowo. Chimanga chobzala tinachita kulandira kwa achithandizo, chopakidwa mankhwala ofiira kuti anthu asachidye. Agogo sanachitsekere mumtsuko n'kumata dothi monga ankachitira kale. Anangochisiya m'dengu.

"Agogo, m'dengumo mukulowa mbewa," ndinawauza.

"Zingosuzumira n'kubwerera. Chofiira chonchi, ndani sadziwa kuti ndi poizoni?"

Maso awo anali atayamba kuchita chifunga, koma kufiira ankakuonabe. Akayang'ana, dengu linali lodzaza, mtima wawo n'kukhala pansi.

Mvula yoyamba itagwa tinatulutsira dengulo pabwalo. A Juwawo, bambo wothawa nkhondo amene agogo anawapatsa malo kuseri kwa khola, anatapa chimangacho n'kuchiyang'anitsitsa. Pafupifupi njere iliyonse inali ndi kabowo. Mbewa zinadya mitima yokhayokha n'kutisiyira zigoba.

"Amayi, ichi sichimera," anatero.

"Nanga mbewazo kufiiraku sizinakuone?" anafunsa agogo.

"Ine ndakumba mbewa moyo wanga wonse. Yalani nsalu yofiira pauna, mbewa ingoyendapo. Kufiira n'kwa inu ndi ine."

Agogo anakhala pansi pamatope osayala kanthu. Tinasankha njere zamoyo mpaka msana kuwawa, koma sizinadzaze ndi chikho chomwe. Tinabzala mizere yochepa, munda wonse n'kuusiyira udzu.

Ndili wamkulu ndinadzamva kuti a Juwawo sananame. Diso la mbewa limalandira kubiriwira ndi kuwala kwina kumene ife sitikuona, ndipo ubongo wake umasiyanitsa bwino mitunduyo makamaka ikayang'ana kumwamba, kochokera akabawi. Chofiira kwa iyo n'chodera chabe. Lero ndimamvetsa kuti agogo sanachite ulesi. Anaganiza kuti choopsa m'maso mwawo n'choopsanso m'maso mwa cholengedwa chilichonse, ndipo chenjezo limene anadalira linali la anthu okha. Kudziwa kumeneku kunandipeza mochedwa, iwo atapita kale.

Chimanga chathu chisanafike m'mawondo, a Juwawo ndi banja lawo anauzidwa kuti asamukire ku kampu. Tsiku lonyamuka anandiitanira kuseri kwa khola, m'manja atanyamula kanthu kokulunga m'masamba a nthochi. Fungo linandiuza kuti zinali mbewa zowamba.

"Ndikudziwa kuti inu Asilamu simudya izi. Agogo ako usawauze. Koma Febuluwale akubwera, mwanawe."

Anandiika phukusilo m'manja n'kupita kukakwera lole.