Tsitsi la Injiniya wa Pasitima

Mphekesera inandipeza ndili pa benchi ya wokonza nsapato. Akuti Mayi Lezala agulitsa shopu yawo yometera, galasi, mipando ndi makina omwe, ndipo akupita kutsidya kwa nyanja kukakwatiwa ndi injiniya wa pasitima yapamadzi. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Koma ndili m'njira ndinakumbukira kuti miyezi itatu yapitayi mayiwa amameta akuimba, ndipo foni ikalira m'thumba la epuloni amamwetulira asanaione n'komwe. Mtima wanga unayamba kuvomera pang'ono.

Inu amene simuwadziwa, ndikuuzeni. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi aphunzitsi atatopa nane, koma munthu wanzeru ndimamuzindikira. Mayi Lezala anayamba ndi kusesa tsitsi m'shopu ya amuna awo, kachipinda ka mipando iwiri pakati pa wogulitsa mafoni ndi wosoka makatani. Amunawo atamwalira, tonse tinkati basi patsekedwa. Iwo anangotenga makina a malemuwo, kuwapukuta, kuwathira mafuta, n'kutsegula chitseko. Azibambo tinkazemba poyamba. Mutu wanga wonsewu, m'manja mwa mzimayi? Ine chinanditengerako ndi kutchipa, sindibisa. Papita zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ana awo atatu aphunzira sukulu ndi tsitsi lathu lomweli.

Chimene chimandiopsa mwa iwo n'chakuti amawerenga mutu ngati kalata. Amangoyendetsa chala pankhongo, basi. Tsiku lina anauza dalaivala wa basi kuti, "Milungu itatu yapitayo munakametetsa kwina, kwa munthu wamanzere, ndipo anali pachangu." Dalaivalayo anapepesa ngati wagwidwa ndi chibwenzi. Ine dazi linandisiyira tsitsi lowerengeka m'mbalimu, koma nalonso amalidziwa lililonse ndi tsiku lake lobadwa.

Choncho Lachisanu m'mawa ndinapita kukadzionera ndekha.

"Mwafulumiratu agogo. Patsala masiku anayi kuti tsitsili likwane kumeta."

"Ndamva kuti mukundisiya ukwati," ndinatero ndikukhala pampando. "Zaka zonsezi ndikukufunsirani, inu mukatengedwe ndi wapamadzi?"

Anaseka, kundifunditsa nsalu, n'kuyatsa makina. Nkhani inatuluka yokha. Bamboyo anawapeza pa intaneti, nayenso ndi namfedwa, ali ndi mwana mmodzi wamkazi. M'mawa uliwonse amafunsa ngati adzuka bwino, chinthu chimene palibe anawafunsa chimwalirire amuna awo. Tsopano wawatumizira katundu, mphete ndi mapepala a ulendo, koma zagwidwa pakasitomu. Pakufunika ndalama zambiri zowombolera, ndipo iye ali pakati pa nyanja sangathe kufika kubanki. Adzabweza akangotsika.

"Ndiye wamafoni, amene akugula shopuyi, abwera masana ano tidzamalize," anatero.

"Munaonanapo naye, zija zoyankhulana mukupenyana pafoni?"

"Panyanja netiweki imavuta, agogo."

"Bweretsani ndimuone wondilanda mkaziyo."

Anandipatsa foni. Mwamuna wooneka bwino ndithu, mano onse alipo. "Ichi ndi cha Lolemba," anatero akuloza ndi chipeso. "Ichi anajambula dzulo n'kunditumizira pompo."

Ine mkamwamu simukhala chete. "Tsitsi ndiye ali nalo, mosiyana ndi ena a ife. Nanga pasitimapo amamumeta ndani? Nsomba?"

Ndinkangofuna kuwaputa. Koma makina anazima, mutu wanga utametedwa mbali imodzi.

Anatenga foni ija, kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, kubwerera ku china, kukulitsanso. Ndinkawaona pagalasi. Nkhope ya mkwatibwi ija inachoka, panabwera ija imene anayang'ana nayo dalaivala.

"Lolemba anali atameta nambala wani," anatero motsitsa mawu. "Onani mzere wa pakhutupa, udakali wakuthwa, wametedwa dzulo lake. Tsono ichi cha Lachinayi. Tsitsi ili ndi la milungu isanu ndi umodzi. Palibe mutu umene umachita zimenezi m'masiku atatu."

"Mwina mphepo ya panyanja imakulitsa."

Anabwerera m'mbuyo, chithunzi ndi chithunzi, mpaka mwezi woyamba. "Apa imvi zafika pamwamba pa makutu. Apa, patapita milungu iwiri, imvi zija palibe."

"Anadaya."

"Dayi ndimamudziwa, agogo, ndimapaka anthu tsiku ndi tsiku. Uyu sanadaye. Apa anali wocheperapo ndi zaka ngati zisanu. Izi ndi zithunzi za bambo wina wake, za zaka zambiri, wina anangozitola n'kumanditumizira ngati za lero."

Kenako analemba uthenga, akuwerenga mokweza kuti ndimve. "Jambulani nkhongo yanu pompano, chala chili pakhutu, ndione mmene ndizidzakumeterani."

Yankho silinachedwe, netiweki ya panyanja itachira mwadzidzidzi. Loyamba linali la chikondi chokhachokha, maluwa ndi timitima. Lachiwiri linati kamera yawonongeka, nanga bwanji simundikhulupirira pambuyo pa zonse ndakuuzani? Lachitatu linati ndalama zifike isanakwane folo koloko, apo ayi katundu atayika, ndipo musauze aliyense chifukwa anthu ndi ansanje. Mauthenga atatu, nkhongo osaoneka.

"Munthu amene mutuwo ndi wake savutika kuujambula," anatero.

Anasunga mauthenga onse kuti akaonetse apolisi, n'kuibuloka nambala ija. Atatero anatenga tsache n'kuyamba kusesa. Pansipo panalibe kanthu, tsitsi langa silidzaza n'supuni yomwe, koma anasesa kuchokera pagalasi mpaka pakhomo, kubwereranso. Ine ndinakhala pampando paja ndi mutu wa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinatseka pakamwa.

Ataimika tsache anati, "Miyezi itatu ndimayang'ana maso ake, agogo. Tsitsi sindinaliyang'ane n'kamodzi komwe."

Anabwerera kumutu kwanga. Ndinayamba kudera nkhawa khutu langa. Koma atangogwira makina aja, dzanja linali lokhazikika ngati palibe chachitika, ndipo mzere umene anandidula tsiku limenelo unali wowongoka kuposa masiku onse. Ndaona anthu ophunzira, a mataye awo, akuberedwa mwa njira yomweyi n'kumakanabe mpaka nyumba itapita, poopa manyazi. Mayiwa anamukonda munthu uja zenizeni, koma pamene chipeso chinatsutsana ndi mtima, anamvera chipeso, pamaso pa nkhalamba yolongolola ngati ine.

"Mukauza anthu, eti?" anafunsa akundipaka sipiriti.

"Ine? Pakamwa panga m'pabokosi."

"Kauzeni. Koma mukanene zonse, ndi za zithunzi zomwe. Wosoka makatani nayenso ali ndi dokotala wake wa kunkhondo amene kamera yake inawonongeka."

Wamafoni sanadikire masana. Analowa ndisanatuluke, mapepala ali m'manja, cholembera chili pakhutu, akuyeza kale khoma ndi maso poti aike mashelefu.

"Khalani apo achimwene," anatero Mayi Lezala akukung'untha nsalu. "Ndevu zanuzo zapitirira sabata. Za shopu iwalani."

Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kudenga. Anakhala.

Ndiye zimene munamva zija n'zabodza. Shopu sanagulitse, ndipo sakupita kulikonse. Amatsegula seveni koloko m'mawa, kupatula Lamlungu.